Chiphaso sichiletsa dzimbiri

Lero tasiyani kaye za mtengo wa shuga ndi mizere ya petulo, tikambeko za chinthu chimene ena mwa inu mwachibisa kunsi kwa matiresi, ndipo ena mumachiona m'manja mwa mlonda mukamatseka sitolo madzulo. Ndikunena mfuti. Funso langa ndi limodzi basi: kodi mfuti imeneyo inapukutidwa liti komaliza?

Ine nditasiya yunivesite m'chaka chachiwiri kaamba kosowa fizi, ndinakakhala kwa malume anga ku Ching'ambo, kapena nditi asibweni monga tinenera kuno ku Mzuzu, n'kumawalembera mabuku a golosale yawo. Iwo anali ndi mfuti ya Greener, yachiphaso ndithu, ndipo ankainyadira ngati mwana wachisamba. Mu Epulo 2016 mvula itagwa masiku angapo osalekeza, nyumba zambiri ku Ching'ambo, Chibavi, Masasa ndi madera ena zinagwa kapena kulowa madzi. Kwathu madzi anafika m'mawondo. Dzuwa litatuluka tinayanika mabulangete, mipando, ngakhale malisiti. Mfuti ija asibweni anangoipukuta pamwamba ndi kansanza koviika m'mafuta ophikira n'kuibwezera kunsi kwa bedi.

Usiku wina mu Ogasiti tinamva phii kuseri kwa nyumba, munthu walumpha mpanda. Asibweni anasolola mfuti ija, kuloza pawindo, kukoka kachitsulo kowombera. Zii! Kukokanso, osasuntha. Kenaka tinamva kamawu konjenjemera: "Adada, ndine, musaope." Anali mwana wa aneba, wa Fomu 3, amene anapeza bambo ake atakhoma geti pochokera ku vidiyo, tsono amafuna adutsire kwathu.

Kutacha tinayesa kutsegula mfutiyo koma inakana. Katswiri wa zida kupolisi ndiye anaitsegula, n'kutulutsa chipolopolo chimene chinakanirira m'katimo ndi dzimbiri. Ndiye kuti miyezi yonseyo chinali momwemo, m'nyumba ya ana anayi. Atatiuza kuti tisuzumire m'paipi ya mfutiyo, munali timaenje ngati msewu wa nthawi yadzinja. Pamwamba inali yonyezimira, komatu chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa wina akuti, "Aaa, si dzimbiri lomwelo linapulumutsa mwanayo?" Zoona, ndipo mpaka lero asibweni akaikumbuka nkhaniyi amangogwira pakamwa. Kuloza mfuti munthu amene sunamuone nkhope ndi kulakwa kwinanso pakokha. Koma mwayi si nzeru. Dzimbiri limene linagwira kachitsulo kaja usiku umenewo ndi lomwelo limadya zitsulo zotchinga kuti mfuti isalire yokha ikagwa pansi, ndipo ndi lomwelo limafooketsa paipi mpaka kuphulikira m'manja mwa mwini wake. Mfuti yosasamalidwa imakana pamene ukuifuna, n'kuvomera pamene sukuifuna.

Tsono popeza safunsa anadya phula, ine ndinafunsa, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi.

Lamulo loyamba pa mfuti iliyonse ndi lakuti usanaikhudze ndi nsalu, chotsa zipolopolo zonse, uziike patali, usuzumire kawiri kuti m'kati mulibe kanthu, ndipo kukamwa kwake kuloze kumene kulibe munthu. Mawu akuti "ndimangoipukuta, ndimayesa mulibe kanthu" amvekapo kale pa maliro ambiri m'dziko lapansi.

Mfuti za shotgun, monga Greener ya ku Birmingham imene kapangidwe kake n'ka zaka za m'ma 1920, ndizo zimapezeka kwambiri ndi alonda ndi eni masitolo. Zimenezi ukawombera, ngakhale kamodzi kokha, tsuka m'paipi tsiku lomwelo. Ngati siinawombedwe, nthawi yamvula iyenera kutulutsidwa, kupukutidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono kamodzi pamwezi. M'chilimwe miyezi itatu siyenera kudutsa. Kumbukirani kuti kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, ndipo ikasiya kumabwera nkhungu ndi mawawa a Juni ndi Julaye, pamene Ching'ambo weniweniyo ali m'dambo. Mfuti imene mlonda wachezera nayo pamame kapena yanyowa ndi mvula isadikire mwezi, ipukutidwe m'mawa womwewo.

Pisito ya m'chiuno mdani wake ndi thukuta, pakuti thukuta ndi mchere, komanso fumbi ndi tiulusi ta zovala timene timaunjikana m'kati. Woinyamula tsiku ndi tsiku aziipukuta sabata iliyonse, ndipo akaombera aitsuke yonse.

Mfuti zazitali zosakira nyama, ndi zakale ngati .303 imene asilikali a KAR ankanyamula pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, nazonso zitsukidwe tsiku limene zawombedwa. Apa pali chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Zipolopolo zambiri zakale zachisilikali zikaphulika zimasiya mtundu wina wa mchere m'paipi. Mcherewo umayamwa chinyontho, ndipo oyilo payekha sausungunula. Asilikali akale ankathira madzi otentha m'paipimo, kuumitsa bwinobwino, kenaka oyilo. Ukagona osatero, m'masiku owerengeka dzimbiri layamba kale.

Nanga gogodera, ija yothira wonga kukamwa, imene opha nyama mozemba amalowa nayo ku Vwaza ndi ku Nyika? Mwaye wa wonga wakuda umakoka chinyontho msanga kuposa zonsezi, usiku umodzi wokha ndi wokwanira. Onjezani kuti zambiri n'zosula kumudzi ndi mapaipi amene sanapangidwire moto wotero. Ine imeneyi sindiitcha chida, ndimaitcha msampha wa mwini wake.

Zina zing'onozing'ono koma zofunika: mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, monga tinaonera kwathu. Oyilo wa mfuti yemweyo akachuluka amakola fumbi, amafewetsa thabwa, ndipo akalowa m'chipolopolo amatha kuchipha. Osatseka kukamwa kwa mfuti ndi chisanza, chifukwa chimasunga chinyontho ndipo tsiku lina mudzaiwala kuchichotsa. Suzumirani m'paipi nthawi zonse, pakuti mavu amakonda kumanga chisa chadothi m'mabowo otere, ndipo paipi yotsekeka ndiyo imang'ambika. Zipolopolo zikhale pouma, pokhoma, posiyana ndi mfuti. Ndipo kamodzi pachaka, chidacho achione munthu amene anaphunzira ntchitoyo.

Pali mtundu umodzi umene sindikuuzani katsukidwe kake: AK-47 ndi zinzake zankhondo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, zida zambiri zinadutsa malire, ndipo amalonda amene analipo zaka zotsatirazo akukumbuka mmene achifwamba ankavutitsira. Mu Disembala 1993, apayoniya atapha asilikali awiri kuno komwe ku Mzuzu, Operation Bwezani inayamba, ndipo apayoniya ambiri anathawa ndi zida zawo. Ine ndinali kamwana, koma ndinakula ndikumva akuluakulu akunong'onezana za zinthu zokwiriridwa m'minda ndi zobisidwa kudenga. Ngati kwanu kuli chotere, chatha zaka zoposa 30 chikudyeka, ndipo kasamalidwe kake n'kamodzi kokha: kadziwitseni apolisi adzachitenge. Kuyambira 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa Seputembala kuti anthu azipereka zida zosaloledwa.

Ena anena kuti wolembayu akuphunzitsa anthu mfuti. Ayi. Chikhala kufuna kwanga, bwenzi m'Ching'ambo monse mulibe ngakhale imodzi. Koma zilipo, lamulo la mfuti la 1967 limalola munthu kukhala nayo akatenga chiphaso, ndipo kutseka maso sikuchotsa njoka m'nyumba. Dziko lathu ndi limene linalandira atsogoleri a SADC ku Blantyre mu Ogasiti 2001 pamene anasaina pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo. Tisakhale anthu odziwa kusaina mapepala koma osadziwa kugwira kansalu.

Pempho langa ndi ili. Kwa akuluakulu oona za ziphaso, munthu akabwera kudzakonzanso chiphaso chake, mfuti ibwere limodzi, katswiri aitsegule, asuzumire m'paipi, ayese zotchingira zake. Yolephera isabwerere kunyumba. Galimoto timaipimitsa kuti ipeze COF, nanga bwanji chida chimene ntchito yake ndi kupha?

Kwa inu amalonda amene mumalipira makampani a alonda mwezi ndi mwezi, funsani kaundula wosonyeza tsiku limene mfuti ya pakhomo panu inatsukidwa ndi dzina la amene anaitsuka. Akakuyankhani mozungulira, dziwani kuti mukulipira ndodo yodula. Ndipo muganizireko mdala uja amene amachezera panja ndi jekete lobooka. Paipi ikaphulika, zala zimene zidzaduke ndi zake, osati za bwana wa kampani.

Kwa inu ophunzira amene mukuchita lendi m'makomo a anthu, mukaona mfuti itatsamira kuseri kwa chitseko kapena ili poti ana angaifikire, musaigwire ayi, komanso musakhale chete poopa alandilodi. Nenani mwaulemu, pakuti chipolopolo sichifunsa kuti mwini nyumba ndani.

Asibweni anga mfuti ija sanaitengenso. Anaisiya konko kupolisi, ndalama imene akadakonzetsera n'kuikira mababu kunja ndi zitsulo m'mawindo, ndipo analowa gulu la inswa la m'dera mwathu. Anandiuza kuti, "Mwana iwe, chinthu chimene ndikulephera kuchipukuta kamodzi pamwezi, ndiye kuti sindikuchifuna." Mnyamata wa aneba uja anamaliza sukulu, pano ali pabanja.

Inu amene mukuti mukuifunabe yanu, madzulo ano itulutseni, muchotse zipolopolo, musuzumiremo. Mukapeza timaenje, mukudziwa njira ya kupolisi. Tsoka silinunkha, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.