Kodi Nyanja ya Kariba Iribe Mwini?

Pali mau ena amene afala msanga pakati pa ife anthu a m'matauni, ndipo ndifuna kulimbana nao m'nkhani yino. Mauwo ndi akuti, "Nyanja iribe mwini." Mnyamata amawanena akuseka, pamene mnzace wamdzudzula cifukwa ca botolo limene waponya m'madzi ku Siavonga. Mwini cuma amawanena mumtima, pamene ali kumanga mpanda wa waya kucokera pa khomo la nyumba yace ya alendo kufikira m'madzi mwenimweni, pakuti iye ayesa kuti cinthu copanda mwini ncace ca amene wayamba kucitola. Onse awiriwa alakwa, koma wa mpandayo ndiye walakwa koposa.

Owerenga asandiyese mdani wa cisangalalo ai. Kalaliki amene wakhala pa mpando kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu, kapena mai amene wapsa ndi dzuwa pa msika wa Soweto mwezi wathunthu, ayenera kupuma ndithu. Ulendo wace si wautali, ndi makilomita monga 200 kucokera ku Lusaka: upitirira Kafue, utsika mapiri okhotakhota aja, nupatukira ku dzanja lamanja usanafike pa Chirundu. Ndipo ncinthu cabwino kuti mwana wobadwira ku Matero aone ndi maso ace nkhwazi imene amaiona pa mbendera pokha, amve kulira kwace m'mamawa, aonenso nyali za asodzi a kapenta zitandandalika pa madzi usiku monga mudzi woyandama. Apite ndithu. Koma makolo ace ayenera kumuuza kumene ali kupita, ndipo ambiri a ife sitiwauza ana cifukwa ife tomwe sitinafunse.

Nyanja ya Kariba siifanana ndi Bangweulu kapena Tanganyika, zimene makolo anazipeza ziripo. Iyi njopangidwa ndi manja, ndipo zaka zace nzowerengeka, kotero kuti alipo nkhalamba zamoyo lero zimene zinabadwira pamene tsopano pali madzi akuya. Nchito yomanga khoma pa Zambezi inayamba m'caka ca 1955, m'masiku a Citaganya. Khomalo, lotalika mamita 128, linatseka mtsinje mu Disembala 1958, ndipo madzi anayamba kukwera m'cigwa ca Gwembe. M'cigwamo munali anthu. Atonga monga 57,000, a tsidya lino ndi a tsidya lija, anacotsedwa m'midzi yao. Anthuwa anazolowera kukolola kawiri pa caka, m'minda ya mvula ndi m'madimba a m'mphepete mwa mtsinje pamene madzi osefukira aphwera, koma ambiri anakawatula pa nthaka ya miyala ndi youma. Mu Sepitembala 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, anthu anakana kusamuka. Asirikali a Boma anaomba mfuti, ndipo amuna 8 anafa. Pambuyo pace anthu a Chipepo monga 6,000 ananyamulidwa pa malole kunka ku Lusitu, dziko lacilendo kwa iwo.

Lusitu ameneyu ndiye uja timampitirira ndi liwiro pa mseu wa ku Siavonga, mazenera otseka cifukwa ca kutentha, osaceuka nkomwe.

M'zaka zomwezo nyama monga 6,000 zinapulumutsidwa pa zisumbu m'nchito imene anaicha Operation Noah, ndipo zithunzi zace zinafika m'manyuzipepala a maiko akutali. Sindidandaula kuti nyama zinapulumuka. Ndidandaula kuti kufikira lero wopalasa alendo amadziwa kusimba bwino za cipembere comangidwa pa zidutswa za mitengo, koma za manda a Atonga amene bwato lace liri kuyandama pamwamba pace sachula kanthu. Mitengo youma ija yoima m'madzi, imene timaijambula dzuwa likamalowa ndi kunena kuti njokongola, yambiri ndi tsanya wa m'nkhalango zimene anthu ankatemamo mizati ya nyumba zao. Ndipo pali cina cozizwitsa. M'caka ca 1960, pokumba maziko a thanki ya madzi a anthu osamutsidwawo pafupi ndi Lusitu, anchito anapeza manda akale pa citunda ca Ingombe Ilede, okhala ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa. Manda amenewo Boma liwasunga monga cuma ca mtundu wonse, ndipo ana amawaphunzira ku sukulu. Ndibwino. Nanga manda a agogo a anthu amene ali kukhala pafupi pomwepo, amene anamizidwa zaka ziwiri zokha zisanacitike izi, awalemekeza ndani?

Tsono tibwere ku mpanda. Malamulo a dziko lathu sali okaikitsa pa nkhani ya madzi. Lamulo la madzi la 2011 linena kuti madzi onse a m'mitsinje ndi m'nyanja ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndi kuti munthu wotunga madzi akumwa, ophikira ndi osamba safunika kalata ya cilolezo. Koma lamulo la malo la 1995 lilola kuti malo a mafumu asandutsidwe a munthu mmodzi kwa zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomera. Pakati pa malamulo awiriwa ndipo pamene pagona cinyengo. Wogula sagula madzi, agula gombe. Koma amene wagwira gombe wagwira madzi omwe, monga amene wagwira khomo wagwira nyumba. Mmodzi akamanga mpanda wace kufikira m'madzi, mnzace namanga wace pambali, wacitatu cimodzimodzi, posacedwa mupeza kuti mai wa m'mudzi wa kumtunda ali ndi ufulu wonse wakutunga madzi, koma alibe poponda kuti akawafikire.

Ndipo taonani malo amene amatsala. Wogula sasankha mwacisawawa; atenga pa mcenga woyera, poyera maso, pamene munthu aona patali cimene ciri kudza m'madzi. Otsalawo ndi malo a matope ndi a udzu wowirira, ndiwo malo amene ng'ona imabisalamo ndi nkhono za likodzo zimaswanamo. Kumeneko ndiko timatumiza mai ndi mtsuko wace, mtsikana ndi zocapa zace, mnyamata ndi ng'ombe za atate wace. Ng'ona ikamgwira timati ngozi, kapena timati anthu a kumudzi samva. Ine ndinena kuti mpanda uja uli ndi gawo lace m'mlanduwo.

Palinso cina cimene wobwera Loweruka ndi kubwerera Lamulungu sangacione. Gombe la Kariba silikhala pamodzi. Pakati pa kudzala kwa nyanja ndi muyeso wotsikitsitsa umene makina a magetsi angagwirire nchito pali mamita 13, ndipo pamalo a cidikha madzi akatsika amasiya nthaka yaikuru yacinyontho. Pamenepo pamamera msipu m'nyengo imene kumtunda kulibe ndi tsamba lomwe, ndipo pamenepo anthu amabzala cimanga ndi ndiwo. Ndiko kambali kocepa kamene nyanja imawabwezera m'malo mwa madimba aja a Zambezi. Mpanda wolondola madzi pamene ali kuthawa ulanda ngakhale kambali kameneka.

Ndidziwa cimene eni nyumba za alendo adzayankha. Adzati, "Ife tabweretsa nchito. Ophika athu, alonda athu, oyendetsa mabwato athu ndi ana a konkuno, ndipo mlendo wolipira ndalama zace safuna kupeza ng'ombe pamene ali kuothera dzuwa." Mau oyambawo ngoona, ndipo sindiwapeputsa, m'dziko la njala kawirikawiri malipiro a mwezi ndi mwezi si kanthu kakang'ono. Koma kulemba nchito anthu makumi awiri sikugula ufulu wakutsekera mudzi wonse njira ya kumadzi. Kunena za mlendo wonyansidwa ndi ng'ombe, mlendoyo ndife. Ngati mpanda umangidwa cifukwa ca maso athu, ndiye kuti mau athu angathenso kuugwetsa. Ndani wa ife anafunsapo pa khomo la nyumba yotere kuti, "Kodi anthu a mudzi uwo amatunga kuti?"

Akuru anati mlendo ndi mame, pofuna kuti timlandire bwino popeza sakhalitsa. Koma mame sasiya magalasi osweka. Pitani pa gombe la anthu onse m'mawa wotsatira tsiku la cikondwerero, mudzaone zimene ife ophunzira timasiya: mabotolo a mowa, mapepala a pulasitiki amene ng'ombe ikameza amakhala m'mimba kufikira iwonde ndi kufa, zingwe za mbedza zokola miyendo ya mbalame. Botolo losweka libisala mumcenga kudikira phazi la mwana wopanda nsapato. Ndipo iye amene aona ulesi kupita ku cimbudzi, nakodzera m'madzi poganiza kuti nyanja njaikuru, adziwe kuti umo ndimo likodzo limayendera: mazira aturuka ndi mkodzo wa wodwala, tizirombo tilowa mu nkhono, tituruka titacuruka, ndi kuboola khungu la wosamba. Wa ku Lusaka akadwala adzagula mankhwala tsiku lomwelo. Mwana wa pa gombe adzakodza magazi caka conse.

Za mabwato a injini ndinenapo pang'ono. Woyendetsa wofuna kusekeretsa alendo amadutsa ndi liwiro pafupi ndi bwato losema, osasamala kuti funde lace lingagubuduze msodzi, ndi kuti ukonde umene waudula unagulidwa ndi ngongole. Alendowo abvala zoyandamitsa munthu, aliyense cace. Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene dziko linakwanitsa zaka 50 za ufulu, bwato linagubuduka m'boma la Gwembe, ndipo anthu 26 anamira, ambiri a iwo ana a sukulu opita ku cikondwerero ca tsikulo. Pa madzi amodzimodziwo ena ayenda mosewera ali otetezedwa, ena ayenda mokakamizidwa ndi kusowa kwa mseu alibe kanthu pa cifuwa.

M'cirala ca 2024 madzi a Kariba anatsika kufikira pafupi ndi muyeso wotsiriza, ndipo m'Lusaka magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Pamenepo tonse tinadziwa mamita a nyanja pamtima, ndipo palibe ananena kuti iribe mwini. Aliyense anati njathu. Cabwino, ikhale yathu. Koma ngati iri yathu pa magetsi, iri yathunso pa mangawa ace, ndipo oyamba kulipidwa ndi ana a anthu aja anakwezedwa pa malole.

Cimene ndipempha si cacikuru. Mafumu ndi makhonsolo a Siavonga, Gwembe ndi Sinazongwe asabvomere malo a pa gombe kuperekedwa kwa munthu popanda kuyamba ayenda ndi anthu a mudziwo, makamaka akazi, kuti awaonetse madooko ao, pomwera ng'ombe ndi pokocezera mabwato. Malo amenewo alembedwe pa mapu ndi m'kalata ya malo momwe, kuti asagulitsidwe, ndipo njira yopitako ikhale yotakata yokwana ngolo. Pamene mipanda inamangidwa kale motsekana, atsegule mpata pakati pace, ndipo mpatawo uturukire pa mcenga, osati m'bango.