Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: kumbukirani odwala amene kuyabwa sikuwagonetsa

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani m'malo mwa anthu amene akudwala matenda a pakhungu otchedwa prurigo nodularis. Matendawa amayamba ndi kuyabwa kosapiririka. Munthu akamakanda, khungu limakhuthala n'kutuluka tizotupa tolimba takuda m'mikono, m'miyendo ndi kumsana. Kukandako kumaputa mitsempha ya pakhungu, kuyabwa n'kuwirikiza, ndipo zimatha zaka zikungozungulira choncho. Dokotala wa ku Chicago, James Nevins Hyde, anawapatsa dzinali mu 1909, koma kwathu kuno odwala ambiri sanauzidwepo chimene chikuwazunza.

Usiku ndiye pamakhala nkhondo. Zikhadabo zikalephera, munthu amatenga chipeso kapena chitsononkho, ndipo kukacha chofunda chimakhala madontho a magazi okhaokha. Amapita kumunda kapena kuntchito tulo tili m'maso, mtima uli pafupi. Aliyense womuona amangoti, “Osamakanda!” ngati kuti mwini wakeyo amachitira dala.

Masana nawo ali ndi zawo. Mayi wogulitsa mandasi akatambasula dzanja kuti apereke chenji, wogula amayang'anitsitsa zipsera zija, mawa lake n'kukagula pa beseni lina. Mnyamata wa ku Chikwawa amavala malaya a mikono yaitali mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, poopa maso a anthu. M'minibasi woyandikana naye amadzikoka. Kutchalitchi ndi kumaliro moni wa pamanja umamulambalala. Kumbali amamunena kuti ndi mphere, ena khate, ena akuti anamulodza, ndipo ambiri amanong'onezana kuti “ndi matenda aja.” Zibwenzi zimatha, mabanja amagwedezeka, pamene matendawa sapatsirana ngakhale pang'ono.

N'zoona kuti nthawi zina amabwera limodzi ndi HIV, shuga, kapena matenda a impso ndi chiwindi. Koma alipo odwala ambiri amene alibe lililonse mwa mavuto amenewa. N'chifukwa chake wodwala amafunika kumuyeza bwinobwino, osati kumuweruza ndi maso. Akamuyesa wa mphere, amamupatsa benzyl benzoate, mankhwala amene amawotcha pa zilonda koma osathetsa kuyabwa kwa mtunduwu. Akabwerera kawiri katatu osaona kusintha, amataya mtima n'kuyamba kuthera ndalama kwa asing'anga ndi pa mafuta osadziwika bwino a pamsika.

Musawayese matenda a azungu. Kafukufuku wa ku Johns Hopkins ku America mu 2018 anapeza kuti amagwira anthu akuda mowirikiza katatu kuposa azungu. Dziko lomwelo linavomereza jakisoni wa dupilumab mu 2022 ndi wa nemolizumab mu 2024, koma mtengo wake Mmalawi wamba sangaukwanitse. Zimene ndikupempha lero ndi zoti unduna wanu ungazithe.

Choyamba ndi anthu odziwa khungu. Sukulu ya Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania, yakhala ikuphunzitsa ma clinical officer a mu Africa kuyambira 1992. Tumizaniko ambiri, kuti chipatala cha boma lililonse chikhale ndi tsiku loona odwala khungu. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje asamachite kugulitsa mbuzi kuti akafike kuchipatala chachikulu.

Chachiwiri ndi mankhwala. Mafuta ofewetsa khungu, mankhwala opaka monga betamethasone, ndi mapiritsi monga amitriptyline ochepetsa kuyabwa usiku ndi otsika mtengo. Onetsetsani kuti a Central Medical Stores Trust akuwafikitsa mpaka m'zipatala zazing'ono za kumidzi.

Chachitatu ndi uthenga. Alangizi a zaumoyo ndi mawayilesi a m'madera anene poyera kuti zotupazi sizipatsirana, ndiponso kuti si umboni woti munthu ali ndi kachilombo.

Chomaliza, amene akuona wodwala wotere azimufunsanso za mumtima: akugona bwanji, pakhomo pali mtendere, maganizo ofuna kudzipha amamufikira? Amene wathedwa nzeru atumizidwe kwa aphungu.

Mu Meyi 2025, msonkhano waukulu wa bungwe la WHO ku Geneva unagwirizana kuti matenda a pakhungu akhale m'gulu la nkhani zikuluzikulu za umoyo padziko lonse, ndipo Malawi ndi membala wa bungweli. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma odwala awa manyazi awatsekera m'nyumba, ndipo sadzabwera ku Capital Hill kudzadandaula. Chonde, pokonza bajeti ya unduna wanu ya chaka chamawa, muikemo ndalama za maphunziro ndi mankhwala ndatchulawa.

Ine wanu modzichepetsa,
Nzika yokhudzidwa