Tisanathire silabu, ndani anafunsa nthaka?

Kucokera mu February 2017 pamene Chipata inakhala mzinda, kumanga kwakwera maningi. Mapuloti a malo abwino anatha kale, ndiye nyumba manje zikukwera m'mapiri otizungulira, zina zikutsikira kumadambo m'mbali mwa Lunkhwakwa. Koma taonani faundeshoni. Wa paphiri ndi wa padambo onse akumba mofanana, kufika m'mawondo, cifukwa a bilikileya anati "timacita so".

Nthaka yathu si imodzi iyayi. Katondo wofiira wa pamtunda nthawi zambiri amanyamula nyumba bwino. Dothi lakuda la kudambo lili ndi khalidwe lina: likamwa madzi mu January limafufuma, pofika October lauma, lanyala n'kung'ambika. Nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika caka ndi caka, ndipo buloko silipindika. Ndiye muona mng'alu woyambira pakona ya windo, citseko cokana kutsekeka, mwini nyumba n'kuyamba kutukwana simenti kapena kuganizira aneba. Paphiri vuto ndi lina. Munthu amadula phiri, dothi lija n'kulitaya kumunsi kuti malo asalale. Theka la nyumba lakhala pamwala, theka lina pa dothi lothira losatsindira, ndipo mbali iyi idzatitimira yokha. Zimene zinacitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope mu March 2023, si nkhani ya kutali kwa ife okhala pakati pa mapiri.

Ena mukawauza za kupima nthaka amayankha kuti pitani ku Msekera. Kumene kuja n'kwa zaulimi, amaona ngati nthaka ifuna laimu kapena feteleza. Injiniya funso lake ndi lakuti nthaka iyi inganyamule kulemera kotani, nanga ikanyowa idzatani.

Nchito yake si yamatsenga. Poyamba amakumba maenje angapo papuloti kuti aone mmene dothi lasanjikizirana, pamene payambira mwala, ndi ngati madzi ali pafupi. Pali cida cochedwa DCP, ndodo yacitsulo yosongoka imene amakhoma ndi nyundo ya makilogalamu 8 yogwa kucokera pa mamilimita 575. Ndodo ikamalowa msanga, ndiye kuti pansi m'pofewa. Dothi lina amanyamula m'matumba kupita nalo ku labu. Kumeneko amalisefa kuti adziwe kuculuka kwa mcenga, timiyala ndi dongo. Amalikandanso ndi madzi n'kulipota ngati cingwe ca mamilimita 3 kuti aone pamene liyambira kuthetheka, ndipo apa m'pamene dongo lofufuma limagwidwa. Gelevulo wa mumseu ali ndi mayeso ake, CBR: amamutsindira m'cikombole, kumuviika m'madzi masiku 4, kenaka kumupanikiza ndi makina. Wofooka atanyowa safunika pansi pa tara, olo aoneke wofiira bwanji.

Pa nchito zikuluzikulu za Road Development Agency, monga pokonza Great East Road kucoka pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami, kupima kotere kumalembedwa m'pangano, ndipo pamakhala mainjiniya oyang'anira kontilakita. Nkhawa yanga ili pa nchito zing'onozing'ono, zimene manje zaculuka. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Makalasi, zipatala za amayi oyembekezera, timilatho, zonse zikumangidwa nthawi imodzi. N'zabwino. Koma pa tsiku lotsegulira timayamika penti ndi malata, pamene cimene cidzagamule ngati kalasi idzakhala zaka 5 kapena 50 cinakwiriridwa kale pansi.

Anthu amati kupima n'kodula, ndipo kwa womanga zipinda ziwiri ndi ndalama ya pamsika, mau awa si ocezera. Sindinena kuti kanyumba kalikonse kapite ku labu. Koma dzenje limodzi lakuya ndi maso a injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia sizingafike pa mtengo wogumula cipupa ndi kumanganso. Ndipo amene ali ndi ndalama ya nyumba yosanja, loji kapena shopu pa Umodzi Highway alibe podzikhululukira.

Khonsolo imavomereza pulani yojambulidwa papepala, koma pepala silinena ngati pulotiyo ili padambo. Pa malo otsetsereka, pamadambo ndi pa nyumba iliyonse yosanja, lipoti la nthaka liyenera kukhala pamodzi ndi pulaniyo asanadinde. Nawo a Ward Development Committee ali ndi funso losavuta limene angafunse kontilakita asanalandire ndalama ya gawo loyamba: bwana, zotsatira za kupima nthaka ndi kutsindira zili kuti, ndipo anasaina ndani?