Chisubtiaba chili ndi m'bale wamoyo

Mabuku a zilankhulo akafika pa Chisubtiaba amangoti chinatha, basi n'kupita pa china. Ife tikuona kuti akufulumira kutseka nkhani.

Chilankhulochi chinali cha ku Nicaragua, m'dera la Sutiaba lomwe lero lili mumzinda wa León. Pamene katswiri wa ku Germany, Walter Lehmann, ankayendera mayiko a kumeneko kuyambira 1907 mpaka 1909, anapeza kuti ana akulankhula Chisipanishi ndipo okumbukira Chisubtiaba ndi okalamba owerengeka. Analemba mawu amene anatolera, ndipo posakhalitsa okalambawo anapita.

Atapita eni ake, chinatsala m'manja mwa ophunzira. Mu 1925 Edward Sapir analemba kuti Chisubtiaba n'chamtundu umodzi ndi zilankhulo za Hokan, zomwe zambiri ndi za ku California. Ganizoli linakhala zaka pafupifupi 50, mwina chifukwa dzina la Sapir linali lolemera. M'ma 1970 Calvin Rensch ndi Jorge Suárez anasonyeza kuti kwawo kwenikweni ndi m'banja la Oto-Manguean, momwe mulinso Chizapotec ndi Chimixtec za ku Mexico.

Koma chimene chatigwira mtima si mkangano wa akatswiriwo. M'mapiri a Guerrero ku Mexico, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku León, anthu oposa 100,000 amalankhula Me'phaa, chomwe ena amachitcha Tlapanec. Ameneyu ndiye m'bale wapafupi kwambiri wa Chisubtiaba. Kumeneko amayi akutuma nacho ana kumsika lero lino.

Anthu a ku Sutiaba nawonso alipo, ndipo dzina lawo sanalitaye. Ngati atafuna kumva momwe agogo awo ankamvekera, mapepala a Lehmann osungidwa ku Berlin angawapatse mawu amodziamodzi, koma sangawaphunzitse kupereka moni, kupepesa maliro kapena kuseka nthabwala. Zimenezo angakazimve ku Guerrero.

Wina anganene kuti Me'phaa si Chisubtiaba, ndipo kubwereka kwa m'bale n'kudzinamiza. N'zoona kuti ziwirizi zinasiyana kalekale. Komabe mwana wamasiye akafuna kudziwa mawu a mayi ake amapita kwa mayi aang'ono, ndipo palibe amamuletsa chifukwa choti mawuwo sakufanana ndendende. Ndalama zofufuzira zilankhulo zikanamalipiranso ulendo wa mphunzitsi wa ku Guerrero wopita ku León.