ZA PAKHOMO PATHU: Kamwana ka Galu Kogula Kakadwala

Mwezi uno tikambirana za kanyama kamene kamalowa pakhomo ndi chimwemwe chachikulu, koma kawirikawiri kamasiya misozi pasanathe masabata awiri. Tikunena kamwana ka galu kochita kugula.

Aliyense woyenda m'misewu ya mu Lilongwe, kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre, anaonapo anyamata ataima pafupi ndi masitolo aakulu, kapena pamene magalimoto amayenda pang'onopang'ono, atanyamula tiagalu m'manja ndi kumationetsa kwa anthu odutsa. Ena amakagula m'masitolo ogulitsa ziweto ndi zakudya zake, enanso kwa oweta amene amalengeza malonda awo pa Facebook ndi WhatsApp. Mabanja a ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, kumene nyumba ziri m'mipanda, amafuna galu woti adzithandiza mlonda usiku. Tsono ana akangoti, "Adadi, tigulireniko kaja," bambo amapisa m'thumba, ndipo kagalu kamafika kunyumba kali m'katoni. Patapita masiku anayi kapena asanu kamakana chakudya, kamayamba kusanza, ndipo banja limasowa chochita.

Chimene tifuna kuti chikhazikike m'mitima yanu ndi ichi: moyo wa kagalu kodwala umapulumuka kapena kutayika m'masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo chimene chimapha tiagalu tambiri ndi mawu aja akuti, "Tiyeni tidikire, tione mawa."

Tiyambe ndi chifukwa chake kagalu kooneka kathanzi pogula kamadwala msanga chotero. Kagalu kayenera kukhala ndi make mpaka katakwanitsa masabata 8. Mkaka wa masiku oyamba umakapatsa chitetezo ku matenda, koma chitetezocho chimanka chichepa pakati pa masabata 6 ndi 16, ndipo katemera ndiye ayenera kulowa m'malo mwake. Ogulitsa ambiri amachotsa tiagalu kwa make tisanafike msinkhu umenewo, pakuti kakang'ono ndiko kamakopa ogula. Amasonkhanitsa tiagalu tochokera m'makomo osiyanasiyana m'katoni imodzi, ndi kutiimika padzuwa tsiku lonse popanda madzi okwanira. Kamodzi kakakhala ndi matenda, tonse tatenga. Ndiponso matenda ambiri amabisala m'thupi masiku angapo asanaonekere, kotero kuti wogula sangawazindikire ndi maso. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdani wamkulu wa tiagalu ndi nthenda imene madokotala a ziweto amaitcha parvo. Nthendayi inadziwika koyamba mu 1978, ndipo m'zaka ziwiri zokha inali itafalikira pa dziko lonse lapansi. Kachirombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala, ndipo kamayenda pa nsapato, m'manja, pa mbale ndi pa zovala. Kakalowa m'thupi, zizindikiro zimaoneka kawirikawiri pakati pa masiku 3 ndi 7. Kachiromboka kamaononga m'kati mwa matumbo ndiponso kamafooketsa magazi amene amalimbana ndi matenda. Kagalu kamafooka, kamakana kudya, kamasanza kosalekeza, kenaka kamatsekula m'mimba, nthawi zambiri ndi magazi ndi fungo loipa kwambiri. Popanda chithandizo, pa tiagalu 10 todwala nthendayi, mpaka 9 tikhoza kufa. Koma tikalandira chithandizo msanga, tambiri timachira. Agalu a mitundu imene anthu amaikonda chifukwa cha ulonda, monga Rottweiler ndi German Shepherd, ali m'gulu la amene nthendayi imawagwira moipa.

Chimene chimapha kagalu kwenikweni ndi kutha kwa madzi m'thupi, pamodzi ndi tizirombo ta m'matumbo timene timalowa m'magazi. Mukhoza kuona nokha ngati madzi akutha. Kwezani mlomo wake ndi kukhudza nkhama: za kagalu kathanzi ndi zonyowa ndi zofiirira, koma zikauma, kumata chala kapena kuyera, zinthu zaipa. Tsinani khungu la pakati pa mapewa, likwezeni pang'ono ndi kulisiya: likachedwa kubwerera, madzi achepa. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kapena kagalu kakasanza kangapo ndi kukana madzi, nyamukani tsiku lomwelo.

Mu Lilongwe muli kopita. Muli madokotala a ziweto oima paokha, muli maofesi a boma oona za ziweto, ndiponso muli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lodziwika ndi dzina lakuti LSPCA, limene linayamba mu 2008 ndipo liri ndi chipatala cha nyama. Kakulungeni kagalu m'kansalu koyera, kaikeni m'katoni, ndipo mukafika musakatsitse pansi pamene pali agalu ena. Muuzeni dokotala zonse mosabisa: kumene munakagula, tsiku limene munakagula, chimene kadya, ndi mankhwala alionse amene mwakapatsa kale. Ngati wogulitsa anakupatsani khadi la katemera, litengeni. Ntchito yaikulu ya dokotala ndi kuchirikiza thupi kufikira litagonjetsa lokha kachirombo: amapereka madzi a m'diripi, mankhwala oletsa kusanza, ndi mankhwala olimbana ndi tizirombo tolowa m'magazi. Zimenezi zimafuna ndalama, nthawi zina zoposa mtengo wa kagalu kamene. Ngati simungathe kulipira kuti kagonekedwe, musachite manyazi kunena. Funsani ngati nkotheka kuti kadzilandira jekeseni ndi madzi tsiku ndi tsiku inu mukukasamalira kunyumba.

Kunyumba kagalu kodwala kamafuna malo ouma, ofunda ndi apaokha, kutali ndi agalu ena. M'miyezi ya June ndi July usiku wa mu Lilongwe umazizira kwambiri, ndipo kagalu kofooka kamataya kutentha msanga. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu likhoza kukathandiza. Ngati sikakusanza, kapatseni madzi oyera pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, pafupipafupi. Madzi a Thanzi ORS amathandizanso ngati dokotala wavomereza. Musakatsanulire madzi kukhosi mokakamiza, pakuti akhoza kulowa m'mapapo. Kakayamba kufuna chakudya, yambani ndi mpunga wofewa wosakaniza ndi nyama ya nkhuku yowiritsa, yopanda mafupa, mafuta, mchere kapena anyezi. Kapatseni pang'ono, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Mkaka wa ng'ombe umaonjezera kutsekula m'mimba, ndipo nsima yokha, kapena phala la madeya lokha, silingamange thupi la kagalu kamene kakukula.

Pali chifundo china chimene chimapha. Mayi kapena bambo akaona kagalu kakubuula, amathamangira m'kabati ya mankhwala a banja. Mankhwala oletsa ululu a anthu, monga Brufen, amatupitsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso. Panado wochuluka amaononga chiwindi. Makapisozi otsala a munthu amene anadwala kale sayenera kupatsidwa kwa chiweto mongoyerekeza. Musapake oilo wakuda wa galimoto pa khungu la mphere, ndipo musapopere kagalu mankhwala ophera udzudzu ndi mphemvu pofuna kuthetsa nthata. Mankhwala ndi muyeso wake azichokera kwa dokotala, amene amayamba wayeza kulemera kwa kagalu.

Ukhondo nawo ndi mbali ya chithandizo. Kachirombo ka parvo ndi kolimba: kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka chathunthu, ndipo sopo wamba sakapha. Chotsani chimbudzi ndi masanzi, muzitaye m'chimbudzi chokumba kapena muzikwirire mozama. Kenaka tsukani pansi, mbale ndi pansi pa nsapato ndi Jik, muyeso umodzi m'miyeso 30 ya madzi, ndipo musiye mphindi 10 musanatsukuluze. Parvo ya agalu sigwira anthu, koma anthu amainyamula. Mlonda kapena wogwira ntchito pakhomo amene akutsuka m'khola akhoza kukaipereka kwa agalu a kwawo osadziwa. Muuzeni zimenezi, ndipo mumpatse sopo, madzi ndi Jik. Kagalu kakafa, musafulumire kugula kena kosalandira katemera ndi kukaika pabwalo lomwelo.

Si kudwala konse kumene kuli parvo. Kagalu ka mimba yotupa, ubweya wosalala bwino ndi nkhama zoyera kawirikawiri kali ndi njoka za m'mimba, zimene tiagalu tambiri timatenga kwa make. Mankhwala a njoka amayamba pa masabata 2, ndi kubwerezedwa masabata awiri alionse mpaka masabata 12. Zina mwa njokazi zimagwiranso ana a anthu osewera m'dothi, motero kusamba m'manja ndi sopo mukagwira kagalu kukhale lamulo la pakhomo. Nkhupakupa zimapereka nthenda yotha magazi ndi kutenthetsa thupi. Manthongo, mamina, chifuwa ndi kunjenjemera kwa minofu zikhoza kusonyeza nthenda ina yoopsa yotchedwa distemper. Zonsezi zifuna maso a dokotala.

Tsopano tifike pa nthenda imene imaopseza banja lenilenilo, ndiyo chiwewe. Ambiri amaganiza kuti chiwewe ndi cha agalu aakulu oyendayenda, koma kagalu nakonso kakhoza kukhala nacho, ndipo chimabisala masabata kapena miyezi. Kagalu kogula pamsewu simudziwa chimene chinakaluma musanakaone. Kakasintha khalidwe mwadzidzidzi, kuluma chirichonse, kutuluka dovu, kulephera kumeza kapena kufa miyendo, katsekereni pakokha, musakagwire, ndipo musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti katsamwa fupa. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, ndipo mudziwitsenso a ofesi ya ziweto. Katemera woperekedwa msanga amapulumutsa, koma zizindikiro zikaoneka mwa munthu, pafupifupi palibe amene amachira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chirichonse, ndipo pa anthu 10 alionse, 4 ndi ana osafika zaka 15. Kubaya agalu katemera ndiyo njira yotsekera nthendayi: mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20. Tsiku la 28 September chaka chirichonse ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pogwiritsa ntchito katemera wake.

Inu anyamata ndi asungwana, mawu awa ndi anu. Walira mvula walira matope. Ngati munachonderera kuti akugulireni kagalu, musakathawe tsiku limene kayamba kununkha. Ntchito yosintha nsalu zogonera, kuika madzi, ndi kulemba m'kope nthawi imene kasanza kapena kadya ndi yanu, motsogozedwa ndi makolo. Ndipo inu makolo, musatule udindo wonse pa mlonda amene wachezera usiku wonse, ndi kudzamkalipira pamene kagalu kafa. Mwana amene waona bambo ake akudzuka pakati pa usiku kukaona kanyama kodwala waphunzira chifundo chimene tsiku lina adzachitira mng'ono wake, agogo ake, ngakhale inu amene. Mwana amene waona kagalu kodwala katatayidwa kutchire waphunziranso kanthu, ndipo sadzaiwala. Kumbukiraninso kuti kuchitira nkhanza chiweto ndi mlandu m'malamulo a dziko lathu. Ngati dokotala aona kuti palibe chiyembekezo, iye ali ndi njira yothetsera ululu wake mwamtendere. Anawo auzeni zoona, aloleni alire, ndipo akakhale nawo pokakwirira.

Kwa amene simunagule, m'mera mpoyamba. Pitani kumene kagalu kanabadwira, mukaone make ndi malo amene akukhala. Musalandire kosakwana masabata 8. Funsani khadi la katemera lokhala ndi chidindo ndi dzina la dokotala, pakuti mawu apakamwa akuti "kanabayidwa kale" sateteza. M'masiku oyamba pitani nako kwa dokotala ngakhale kakuoneka bwino. Katemera wa parvo ndi distemper amayamba pa masabata 6 mpaka 8, ndi kubwerezedwa masabata 3 kapena 4 alionse mpaka pafupifupi masabata 16. Wa chiwewe amaperekedwa kawirikawiri pa miyezi 3. Kufikira katemera atatha, kagalu kasatuluke kunja kwa mpanda. A LSPCA akhala akulangiza anthu kuti asagule nyama m'mbali mwa msewu, pakuti kagalu kamodzi kogulidwa chifukwa cha chisoni kamachititsa kuti mawa abweretse tina tiwiri. Iwo amasunganso agalu ofuna pokhala, amene banja likhoza kutenga. Galu wachikuda wosamalidwa bwino amalonda pakhomo mokhulupirika ngati wa mtundu wodula.

Musanapise m'thumba, khalani pansi monga banja ndi kuwerengera zonse: chakudya, katemera, mankhwala a njoka, ndi ndalama yapadera ya tsiku la matenda. Lembani nambala ya dokotala wa ziweto pamalo oonekera m'nyumba lero lomwe, kagalu kasanadwale. Tidzachezanso mwezi wamawa.