Meya wa Zomba asachite manyazi ndi mzinda wake

Lachitatu lapitali, titangomaliza phunziro la Social Studies lonena za makhonsolo, mnzanga wina wa m'kalasi mwathu anati, "Ine atandipatsa umeya wa Zomba ndikhoza kukana. Mzinda wogona ngati umenewu ungadzitame ndi chani?" Kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka. Koma ndili m'njira kubwerera kunyumba, mawu aja anandikhala pamtima. Ndiye ndati ndilembe pano kuti amene tinasekera limodzi awerenge.

Maganizo anga ndi akuti munthu amene akutsogolera mzinda waung'ono aziulankhulira zabwino kulikonse kumene wapita, ndipo asatope. Koma zabwinozo zikhale zoona, komanso ziziyenda limodzi ndi ntchito.

Kuchepa kokha sindikukana, Zomba ndi yochepadi. Pa mizinda inayi ya dziko lino, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, wathuwu ndiye chitsirizira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu ongopitirira pang'ono 100,000, pamene Lilongwe inatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. Likulu la dziko linachoka kuno mu 1975, kenaka Nyumba ya Malamulo nayo inalondola konko. N'chifukwa chake ena amaona Zomba ngati nyumba imene eni ake anasamuka.

Koma kodi anasamuka ndi zonse? Mayeso a JCE amene akutisowetsa tulo ife a Fomu 2 amachokera ku MANEB, ndipo MANEB ili ku Zomba konkuno. University of Malawi, imene makolo athu amaitchabe Chanco, ili konkuno. Ofesi ya National Statistical Office, imene inawerenga anthu aja, ili konkuno. Phiri nalo sanalinyamule. Pamwamba pake pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa anthu a m'tauni, pali mathithi a Williams, pali Chingwe's Hole. Palinso malo otchedwa Emperor's View chifukwa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inakaimapo n'kumaona dziko lili m'munsi. Mfumu kuchoka ku Ethiopia konse kudzaima pamenepo, ndiye ife tizichita manyazi ndi chani?

Mwina mukuti, iwe ndi wa kumudzi, za m'tauni zikukukhudza bwanji? Zoona, kwathu tili pansi pa khonsolo ya boma osati ya mzinda, ndipo mayi anga savotera khansala wa m'tauni. Koma mpunga umene timalima amakagulitsa mumsika wa Zomba, ndipo achimwene amapalasa kabaza komweko. Sabata imene ku yunivesite kuli mwambo wopereka madigiri, tauni imadzaza ndi alendo. Mayi amabwerako dzuwa likadalipo, thumba lili pululu, atagulako sopo ndi shuga. Ophunzira aja akangotsekera, thumba lomwelo limatha masiku. Ndalama ya mayeso anga ikuchokera m'thumba limenelo. Choncho anthu akamabwera ku Zomba kapena akamangodutsa osaima, ine ndimazimva m'mimba mwangamu.

Apa ndiye pali ntchito ya meya. Tinaphunzira kuti khonsolo imapeza ndalama ku matikiti a pamsika, misonkho ya nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, ndi zina zochokera ku boma. Mzinda umene ulibe makampani ambiri akuluakulu umatolera zochepa. Kuti zichuluke pamafunika alendo ogona m'malo ogona, ndi anthu olimba mtima kutsegula mashopu. Nanga anthuwo angabwere bwanji ngati mwini mzinda yemwe akaima pagulu amangodandaula? Ngakhale mayi anga sanganene kwa kasitomala kuti mpunga wa chaka chino ndi wachabechabe. Amautapa m'manja, amamununkhiza, munthu uja amagula.

Mnzanga uja ayankha kuti mawu okoma sakwirira maenje a mumsewu. Pamenepo ndikugwirizana naye. Pali kulimba mtima kwina kumene ndi bodza lovala tayi. Mtsogoleri wongoti zonse zili bwino, anthu akuona okha kuti sizili bwino, akudzichotsera ulemu. Komanso wongokhalira kukumbutsa kuti kuno kunali kapitolo akuiwala kuti tsabola wakale sawawa. Ine meya amene ndikumufuna ndi woti anganene poyera kuti, "Mwezi uno tatolera zakutizakuti, takonzera chakuti, chakuti chatikanika chifukwa cha ichi, tichiyambanso tsiku lakuti." Akatero n'kudzati bwerani mudzaone phiri lathu, anthu amukhulupirira.

Ndikudziwa kuti si zophweka. Atsogoleri amanyozedwa pa wailesi ndi pa Facebook, nthawi zina pa zinthu zimene anazipeza zitaonongeka kale. Munthu akhoza kufooka. Koma taganizirani timu yathu ya netibo. Tiyerekeze kuti pa hafu taimu tikutsalira ndi zigoli zisanu, kaputeni n'kunena kuti basi atsikana taluza kale. Alipo angathamangenso? Kaputeni weniweni sanama kuti tikuwina ayi. Amati tikutsalira ndi zisanu, iwe gwira uyo, iwe usachoke pamalo pako, tiyeni. Meya ndi kaputeni wotero.

Nafenso tisadzichotsemo, pajatu mutu umodzi susenza denga. Tikapita ku tauni timadya nzimbe n'kutaya makoko pamsewu pomwepo, majumbo timaponya mu ngalande, mawa ndife tomwe tikuti tauni ndi yauve. Moto umene timauona usiku m'phiri nyengo yotentha sayatsa meya. Mitengo ikatha kumtundako, madzi a mu Mulunguzi nawo achepa, ndipo mlendo sadzakhalanso ndi choti adzaone.

Ndiulule chinthu china chamanyazi. Phiri la Zomba ndimaliona tsiku lililonse ndikamabwera ku sukulu, koma sindinakwereko ndi kamodzi komwe. Zonse ndatchula zija ndimangozimva kwa aphunzitsi ndi kwa achimwene amene amafikako. Ndikukhulupirira kuti ambiri amene mukuwerenga muli ngati ine. Choncho atsogoleri a mzinda akamaitana alendo akutali, asaiwale ana a m'midzi yozungulira. Mwana amene wakwera phirilo kamodzi sangadzanenenso kuti kwawo kulibe kanthu.

Ndikupempha a Wildlife Club kuti temu ikubwerayi atikonzere ulendo, tizisonkha pang'onopang'ono kuyambira pano. Mnzanga wokana umeya uja ndidzamusungira mpando wa pawindo. Tikakafika pamwamba ndidzamufunsanso.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2