Mau a Julius Chongo

Ena mwa inu amene mwatsiriza sukulu kuno ku Katete mumati nthano ndi za nkhalamba zosaphunzira, ndi kuti munthu wanzeru ayenera kulemba Cizungu cokha. Limenelo ndi bodza. Kodi Julius Chongo anali mbuli? Kuyambira 1966 kufikira 1976 iye anasimba nkhani pa wailesi ya ku Lusaka m'cigawo ca Poceza m'Madzulo. Pakamwa pamodzi pomwepo panaturuka mau a mfumu, a mkazi wolongolola ndi a mwana, ndipo anthu anali kusiya nsima kuti amumvere. Analembanso buku lochedwa Fumbi Khoboo.

Koma mau a pa wailesi amapita ndi mphepo. Amene anawalemba papepala ndi kuwasunga ndiye Ernst Wendland, wobadwira ku America, pamene eni cinenero ophunzira anali kunyadira Cizungu m'maofesi a Boma.